Chilonda cha pomwe achotsa kadontho ka pakhungu: chimapola bwanji, nanga chimafuna chiyani?

Kuchotsa kadontho ka pakhungu, kamene achipatala amati naevus, ndi ntchito yosachedwa. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudula, n'kumata bandeji, ndipo kawirikawiri mphindi 30 zisanathe munthu amakhala akutuluka pakhomo. Kufulumira kumeneku n'kumene kumapusitsa ambiri. Amayesa kuti popeza kudulako sikunachedwe, kupolanso sikuchedwa. Pamwamba pamatsekadi msanga, koma mkati khungu limakhala likumangabe kwa miyezi, ndipo mmene chipsera chidzaonekere chaka chamawa zimadalira kwambiri zimene mwini chilonda akuchita m'masabata oyambirira, dokotala kulibe.

Yambani mwadziwa mtundu wa chilonda chimene muli nacho, pakuti kachotsedwe sikamodzi. Kadontho kotukuka kamene sikakukayikitsa nthawi zambiri amangokapala ndi kampeni kakuthwa kuti palingane ndi khungu. Pamatsala bala losazama, lozungulira, longa posupuka, ndipo sasoka ayi. Limapola lokha kuchokera pansi ndi m'mbali. Kakakhala kakang'ono, ena amagwiritsa ntchito kachipangizo kobulungira kakuthwa kunsonga, kotambalala mamilimita 2 mpaka 8, kamene kamaboola khungu n'kuchotsa kachigawo konse. Apo amasoka kamodzi kapena kawiri. Koma kadontho kakakhala kokayikitsa kapena kozama, amakadula konse pamodzi ndi khungu pang'ono la m'mphepete, n'kusoka.

Apa mpamene anthu amadzidzimuka akamatula bandeji koyamba: kadontho kanali kakang'ono koma msoko ndi wautali. Sikuti dokotala anaphonya. Bala lozungulira likasokedwa limachita makwinya kumapeto konse, choncho amadula mosongola uku ndi uku, m'litali mwake kuwirikiza pafupifupi katatu m'lifupi mwake, kuti milomo ya bala ikumane bwino. Kadontho ka mamilimita 6, akaonjezapo mamilimita 2 mbali iliyonse, kakhoza kusiya msoko wa masentimita 3.

Tsiku loyamba ndi lachiwiri

Mankhwala ochititsa dzanzi, omwe nthawi zambiri ndi lidocaine, amatha mphamvu pakapita maola ochepa. Kawirikawiri amawasakaniza ndi adrenaline, amene amafinya mitsempha ya magazi kuti pasakhe magazi ambiri podula. N'chifukwa chake chilonda chimatha kuuma bwinobwino kuchipatala, n'kudzayamba kuchucha madzulo muli kunyumba, mitsempha ija itatsegukanso. Timagazi tochepa toonekera pa bandeji si nkhani. Koma bandeji ikanyoweratu, khalani pansi, ikani kansalu koyera pamwamba pa bandejiyo osaimatula, ndipo dinikizani mwamphamvu ndi zala kwa mphindi 15 mpaka 20, mukuyang'ana wotchi. Wotchiyo ndi yofunika, chifukwa munthu amene akuona magazi ake amayesa kuti papita mphindi khumi pamene zangopita ziwiri. Ndipo musasuzumire. Mukangokweza chala kuti muone ngati asiya, mumasokoneza magazi amene anayamba kuundana, n'kuyambiranso poyamba. Chilonda chikakhala pamkono kapena pamwendo, chikwezeni chipitirire pamene pali mtima. Mukadinikiza kawiri chotero magazi osasiya, bwererani kuchipatala. Chimodzimodzinso pansi pa msoko pakatupa mwadzidzidzi, polimba ndi powawa kwambiri. Amenewo akhoza kukhala magazi amene akusonkhana mkati.

Ululu wake suchuluka. Paracetamol amakwanira: wamkulu amamwa mamiligalamu 500 mpaka 1,000 pa maola 4 mpaka 6 alionse, osapyola magalamu 4 patsiku. Aspirin si woyenera kumwera ululu umenewu chifukwa amachedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo madokotala ena amati ibuprofen ayambe wadikira tsiku limodzi kapena awiri. Koma ngati mumamwa aspirin, warfarin kapena mankhwala ena otere chifukwa cha mtima kapena sitiroko, musawasiye mwa inu nokha. Kukha magazi kwa kachilonda ka pakhungu n'kochepa poyerekeza ndi ngozi imene mankhwalawo akukutchinjirizani. Mowa udikire kaye masiku awiri oyambawo.

Bandeji ya kuchipatala ikhale pomwepo, youma, kwa maola 24 mpaka 48, malinga ndi mmene akuuzirani. Amene adulidwa pamphumi kapena pafupi ndi diso asadabwe kudzuka m'mawa chikope chitatupa kapena chitada. Madzi ndi magazi zimatsikira pansi, ndipo kugona mutu utakwera pa mapilo awiri kumachepetsako.

Chilonda chiziuma kapena chizikhala chonyowa?

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo mpamene malangizo a achipatala amasemphana ndi zimene ambirife tinakula tikumva, zoti chilonda chisiyidwe pamtunda chipitidwe mphepo, chiume, chichite nkhanambo. Mu 1962 wofufuza wa ku Britain, George Winter, anaonetsa pa khungu la nkhumba kuti mabala osazama ovundikiridwa ndi kapulasitiki amamera khungu latsopano mofulumira pafupifupi kawiri kuposa mabala osiyidwa pamphepo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Maselo a khungu latsopano amachokera m'mbali mwa bala n'kumayenda pang'onopang'ono kulowera pakati, ndipo amayenda bwino pamalo a chinyezi. Bala likauma, pamwamba pake pamafa n'kusanduka nkhanambo, ndiye maselo aja amayenera kuloŵera pansi pa nkhanamboyo kukafuna ponyowa. Njira imatalika, ndipo mnofu umene wauma ndi wotayika. Nkhanambo si chizindikiro choti chilonda chikupola bwino. Ndi chivundikiro chimene thupi limadzipangira popeza palibe china.

Chosowa chake n'chochepa zedi: madzi oyera, sopo wamba wosanunkhira, mafuta a petroleum jelly monga Vaseline, ndi bandeji yosamata pabala. Sambani m'manja. Matulani pulasitala pang'onopang'ono motsata kutalika kwa msoko, osati mopingasa, kuti musakoke milomo ya bala. Ngati kansalu kakakamira, musakazule. Kanyowetseni ndi madzi, dikirani mphindi zingapo, kadzachoka kokha. Tsukani mopepuka ndi thovu la sopo, tsukuluzani, pukutani mongogunditsa nsalu yoyera osakhula, kenako pakani mafutawo pang'ono, ongokwanira kuti pabala panyezimire. Phimbani. Kamodzi patsiku n'kokwanira, kupatula ngati bandeji yanyowa kapena yada. Mafuta a m'chubu ndi abwino kuposa a m'botolo lotsegula limene anthu onse apakhomo amapisamo chala. Ngati muli ndi botolo, likhale latsopano ndipo muzitapa ndi kathonje koyera.

Pali kusiyana kumodzi koyenera kukumbukira. Madokotala ena akasoka amamata timapepala tolimbitsa msoko, totchedwa Steri-Strips, kapena amaika bandeji yosaloŵa madzi n'kunena kuti isachotsedwe mpaka tsiku lochotsa ulusi. Ena amamata ndi guluu wa pakhungu. Zikatero musapake mafuta, chifukwa amamasula timapepalato ndi guluu yemwe. Malangizo a amene anakudulani ndiwo oyamba, pakuti iye ndi amene anaona kuzama kwa balalo.

Nanga mafuta okhala ndi mankhwala opha tizilombo? Pa chilonda choyera chodulidwa kuchipatala sapindula kwenikweni. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1996 m'magazini ya zamankhwala ya JAMA, pa odwala oposa 900, anayerekeza petroleum jelly ndi mafuta a bacitracin, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni pa chiwerengero cha mabala amene anatukusira. Kusiyana kunali kwakuti ena mwa amene anapaka bacitracin khungu linawakana n'kutuluka nsungu zoyabwa. Neomycin, mankhwala enanso opha tizilombo, amachitanso zomwezo kwa anthu ambiri ndithu. Choipa chake n'chakuti khungu lokana mankhwala limafiira, limatupa, limachucha timadzi, munthu n'kuyesa kuti bala latukusira, n'kupakanso mankhwala omwewo mochuluka.

Sipiriti ndi hydrogen peroxide ndiye zisayandikire n'komwe. Zimaphadi tizilombo, koma zimaphanso maselo anthete amene akumanga khungu. Thovu la hydrogen peroxide limasangalatsa maso, limaoneka ngati ntchito ikugwirika, pamene likubweza chilonda m'mbuyo tsiku lililonse.

Kusamba kumaloledwa maola 24 mpaka 48 akapita, madzi n'kumangoyenderera pabala. Choletsedwa ndi kuviika: kukhala m'bafa lodzaza madzi, kusambira m'dziwe, m'nyanja kapena mumtsinje, mpaka ulusi utachotsedwa ndipo khungu litatseka. Chinyezi chimene bala limafuna ndi cha mafuta aja, osati kunyowa mpaka khungu la m'mbali kuyera ndi kufewa. Likatero, chepetsani mafuta ndipo sinthani bandeji pafupipafupi.

Zooneka zoopsa zomwe si zoopsa, ndi zoopsa zenizeni

Masiku atatu kapena anayi oyamba thupi limatumiza magazi ambiri ndi maselo oyera pabala kukachotsa zonyansa. Choncho kutupa pang'ono, kufunda pang'ono, ndi kamzere kofiira kopyapyala m'mphepete ndi mbali ya kupola. Bala lopala lija, pakapita masiku angapo, pansi pake pamachita zoyera motuwira kapena zachikasu, zomata, zosachoka potsuka. Ambiri amati ndi mafinya, koma kawirikawiri ndi fibrin, chinthu chimene thupi limayala kuti maselo atsopano amerepo. Musachikhule. Timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono, topanda fungo, nato si vuto. Kuyabwa kumabwera khungu likamatseka. Dzanzi pafupi ndi msoko limatha kukhala miyezi, chifukwa timinyewa tating'ono ta pakhungu timadukako ndipo timamera mochedwa.

Kutukusira kwenikweni sikuchitika kawirikawiri. Mwa mabala 100 a mtundu umenewu ndi ochepa okha amene amagwidwa, ndipo kachilombo kake nthawi zambiri ndi Staphylococcus aureus, kamene kamakhala kale pakhungu ndi m'mphuno mwa anthu ambiri. Chizindikiro chodalirika kuposa zonse ndi kumene zinthu zikuloŵera. Chilonda chopola bwino chimawawa kwambiri tsiku loyamba ndi lachiwiri, kenako ululu n'kumachepa. Chilonda chotukusira chimayamba kuwawa moonjezereka kuyambira tsiku lachitatu kapena lachinayi kupita m'tsogolo, chimagunda, chimatentha, kutupa kumafalikira, ndipo pamatuluka mafinya okhuthala, mwina onunkha. Mabuku ambiri amanena za kufiira, koma pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino. Malowo amangoderako kapena kunyezimira. Khulupirirani dzanja kuposa diso: gwirani ndi kuseri kwa zala, yerekezani kutentha ndi kulimba kwake ndi malo omwewo mbali inayo ya thupi. Njira ina yothandiza ndi kulemba mzere ndi bolopeni m'mphepete mwa potupapo, n'kuona mawa lake ngati kwadumpha mzerewo. Kutentha thupi, kunjenjemera, mwanabere m'khwapa kapena m'mphechepeche, kapena mzere wowawa wokwera kuchokera pabala, zimenezo n'zopitira kuchipatala tsiku lomwelo. Odwala shuga, anthu amene chitetezo chawo cha m'thupi chili chotsika, ndi amene adulidwa kumunsi kwa bondo ayenera kukhala tcheru kuposa ena.

Osuta fodya amve izi mosabisa: nicotine amafinya timitsempha timene timabweretsa mpweya wabwino pabala, ndipo mabala a osuta amachedwa kupola, amatukusira kwambiri, amatsegukanso kwambiri. Ngakhale kungosiya kwa masabata awiri kapena atatu kumathandiza.

Ulusi ukachoka ntchito sinathe

Masiku ochotsera ulusi amasiyana malinga ndi malo. Kumaso, kumene magazi amayenda bwino ndipo ulusi ukachedwa umasiya timadontho m'mbali mwa msoko, amachotsa pa masiku 5 mpaka 7. M'mutu ndi masiku 7 mpaka 10. Pamikono, pachifuwa ndi pamimba ndi masiku 10 mpaka 14, pamene kumsana ndi kumiyendo kawirikawiri amadikira masabata awiri athunthu. Bala lakuya limakhalanso ndi ulusi wamkati wosungunuka wokha, umene umatenga miyezi iwiri kapena kuposerapo kuti uthe. Nthawi zina thupi limakankhira kachidutswa ka ulusi umenewu kunja, n'kutuluka kachiphuphu pamsoko patapita masabata angapo, kansonga ka ulusi kakuonekera. Si zoopsa, koma kasiyireni namwino akadule; musakakoke. Mabala opala alibe za ulusi: kumaso amatseka pa sabata imodzi kapena ziwiri, pathupi masabata awiri kapena atatu, koma pamsongolo akhoza kutha mwezi ndi kuposa.

Tsopano nayi mfundo imene ndimaona kuti siinenedwa mokwanira. Tsiku lochotsa ulusi msoko umaoneka wotseka, woyera, wotha. Koma mphamvu yake imakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya khungu losadulidwa. Pa masabata atatu imafika pafupifupi 20 peresenti. Pa miyezi itatu mpamene imayandikira 80 peresenti, ndipo pamenepo ndiye pothera. Chipsera sichilimba ngati khungu loyamba mpaka kalekale. Chifukwa chake ndi collagen, ulusi wachilengedwe umene umalimbitsa khungu. Poyamba thupi limayala collagen wofulumira, wopyapyala, wosalongosoka, kungoti patsekeke. Kenako, kwa miyezi 12 mpaka 18, limamuchotsa pang'onopang'ono n'kuikapo wolimba, woyalidwa motsata kumene khungu limakokedwera.

Ndiye taganizirani msoko wa kumsana kapena paphewa. Mukawerama kumanga nsapato, mukanyamula mwana, mukatambasula mkono kutenga chinthu pamwamba, khungu la pamenepo limakokeka ngati msoko wa malaya othina. Zotsatira zake ndi ziwiri: bala likhoza kung'ambika, makamaka masiku oyamba ulusi utangochoka, kapena silingang'ambike koma chipsera n'kumatambasuka pang'onopang'ono, kamzere kopyapyala kusanduka chigamba chotakata. Choncho masabata awiri oyamba pewani kunyamula zolemera, kuthamanga ndi masewera olimbitsa thupi, ndipo ngati msoko uli kumsana, paphewa, pachifuwa kapena pafupi ndi bondo, onjezerani masabata ena awiri kapena anayi a kusamala. Kumata timapepala tija mopingasa msoko, kapena tepi ya pepala ya kuchipatala, kwa masabata angapo ulusi utachoka, kumalandirako kukokekako. Wodulidwa kumwendo azikweza mwendo akakhala pansi, chifukwa mwendo wotupa umakoka msoko kuchokera mkati. Bala likatseguka, musalimbane nalo kuti mulibweze. Litsukeni, pakani mafuta, phimbani, kaonetseni. Nthawi zambiri salisokanso, amalisiya lipole kuchokera pansi.

Chipsera

Palibe kudula khungu mozama kopanda chipsera, kaya dokotala ndi waluso chotani. Chimene tingathe ndi kuchichepetsa. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba chipsera chimaoneka choipa kuposa mmene chidzakhalire: cholimba, chotukuka pang'ono, chofiira kapena chakuda. Musaweruze ntchito ya dokotala nthawi imeneyi. Chimafewa ndi kuphwa pang'onopang'ono mpaka chaka.

Dzuwa limadetsa khungu latsopano, ndipo pakhungu lakuda malo amene panali bala amatha kuda kwambiri kuposa pozungulira kwa miyezi yambiri. Phimbani ndi chovala kapena tepi, kapena, bala likatseka, pakani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa kuti SPF 30 kapena kuposa. Mafuta oyeretsa khungu ogula mwachisawawa musawayese pamenepo. Ambiri amakhala ndi ma steroid amphamvu amene amapyapyalitsa khungu.

Mwa zopaka zonse zogulitsidwa pofuna kuchepetsa zipsera, silicone ndi amene akatswiri ambiri amavomereza, kaya wa jelo kapena wa timapepala tomata. Amayamba bala likatsekeratu, popanda nkhanambo kapena pochucha, ndipo amafuna khama: maola 12 kapena kuposa patsiku, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kusisita chipsera ndi chala mozungulira kwa mphindi zochepa patsiku, kuyambira masabata angapo ulusi utachoka, kukhoza kuthandiza kuchifewetsa. Vitamin E, ngakhale ndi wotchuka, alibe umboni. Pa kafukufuku wina wa mu 1999 sanakonze maonekedwe a zipsera, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse khungu linamukana.

Zipsera zotupa zilipo za mitundu iwiri, ndipo kuzisiyanitsa n'kofunika. China chimatukuka koma chimakhala m'malire a bala, ndipo nthawi zambiri chimaphwa chokha pakapita chaka kapena ziwiri. China, chotchedwa keloid, chimadumpha malire n'kumakula kuloŵerera khungu labwino, chimayabwa kapena kuwawa, ndipo sichiphwa chokha. Chikhoza kuyamba patapita miyezi bala litapola. Keloid amagwira kwambiri anthu a khungu lakuda, amayenda m'magazi a pabanja, amakonda zaka za pakati pa 10 ndi 30, ndipo malo ake ndi pachifuwa, m'mapewa, kumtunda kwa msana, m'makutu ndi m'chibwano. Amene anachitapo keloid, ngakhale poboola khutu, auze dokotala asanadulidwe. Ngati kadonthoko n'kongochotsera maonekedwe ndipo kali pachifuwa, ine ndingati kasiyeni. Koma kakakhala kokayikitsa, kuopa keloid si chifukwa chokasungira. Chipsera chikayamba kutupa ndi kuyabwa, pitani msanga. Jakisoni wa triamcinolone wobaya m'chipseramo, masabata 4 mpaka 6 alionse, amagwira bwino chikadali chaching'ono. Kungodula keloid popanda chithandizo china kumamubweretsanso, kawirikawiri wamkulu kuposa poyamba.

Zotsatira za ku labotale

Kachidutswa kamene anachotsa kaja kamayenera kupita kukaunikidwa pa maikulosikopu, ngakhale kadonthoko kamaoneka kabwinobwino, chifukwa diso lokha silingatsimikize kuti si melanoma, khansa ya pakhungu yoopsa kwambiri. Ichi ndi chifukwa chachikulu chosachotsera kadontho kunyumba ndi lezala, ulusi kapena mankhwala owotcha: kupatula chipsera choipa, umboni umatayika, ndipo ngati inali khansa mizu yake imatsala mkati. Zotsatira zimatuluka pakapita sabata imodzi mpaka zitatu m'malo ambiri. Musaganize kuti kukhala chete kwa achipatala ndiye kuti zonse zili bwino. Mapepala amasochera, manambala a foni amalembedwa molakwika. Funsani tsiku loti mudzamve, ndipo likadutsa, imbani kapena pitani. Akakuuzani kuti pakufunika kudulanso mokulirapo, sikuti nthawi zonse ndi khansa. Nthawi zina maselo amangokhala osaoneka bwino ndipo afika m'mphepete mwa chodulidwacho, ndiye amafuna kuchotsa otsalawo.

Pemphani kope la zotsatirazo ndipo mulisunge. Kadontho kochotsedwa mopala kamatha kumeranso, chifukwa maselo ake ena amakhala pansi pa pamene mpeni unadutsa, ndipo pakapita miyezi pamaoneka kakuda pakati pa chipsera. Kawirikawiri si vuto, koma kaonetseni, makamaka kakadumpha malire a chipseracho. Kadontho komeranso m'chipsera kamatha kufanana ndi melanoma pa maikulosikopu ngakhale kali kabwino, ndipo wounika amafuna kuona zotsatira zoyamba zija kuti asiyanitse ziwirizi.